Makina Akana Zala za Bambo

Lachiwiri tinalawiranso ku Dwangwa,
minibasi yoyamba, ine ndi bambo,
mapepala ali m'jumbo yomwe malemu mayi
ankasungiramo makadi athu a sikelo.

Pa boma pa Nkhotakota benchi inali itadzaza kale:
mayi wa golosale wochokera ku Burundi,
anyamata awiri olota za ku Joni,
ndi ife, ulendo wachisanu ndi chiwiri.

"Dzina?"
Felenando Akimu.
"Kobadwira?"
Apa bambo amayamba ayang'ana pansi
ngati Mtengula ndi chinthu chimene anaba.

Anabwera ali ndi zaka khumi ndi zinayi
nkhondo ikunyambita midzi tsidya lija,
m'bwato la munthu amene sanawafunse n'komwe dzina.
Anatsika ndi kabudula mmodzi ndi chifuwa.
Usiku umenewo palibe anadinda kanthu.
Akanadinda ndani? Pa chiyani?

Lero fomu ikufuna tsiku lolowera,
chipata cholowera, nambala ya chiphaso,
timabokosi tating'ono ngati zisa za mavu.
Ndalemba "palibe" mpaka cholembera chauma.

A Kamwendo si munthu woipa, ayi.
Anatibwereka chawo cholembera.
Amati, "Ife timangotumiza, achemwali,
osayina ali ku Lilongwe."
Lilongweyo sitinamuonepo nkhope.
Timangomva kuti ali ku msonkhano,
kuti wasamutsidwa, kuti netiweki yagwa,
kuti failo yakwera m'mwamba,
kuti yatsikanso chifukwa zithunzi zakalamba.
Zoona, zakalamba.
Pachithunzi choyamba imvi zinali za m'mbali mokha.

Tinagulitsa mbuzi ziwiri ndi njinga ya kabaza.
Lisiti lake inki ikufufutika,
ndimaliopa dzuwa kuposa mwana wakhanda.
Mboni zinafunika ziwiri.
A Twaibu anasayina, n'kumwalira mvula ya chaka chatha,
ndiye akuti tipeze ina, yamoyo.

Ine chitupa ndili nacho, cha kuchimayi.
Mdzukulu wawo Zione chake chatuluka mwezi watha.
Foni ya bambo ili m'dzina langa,
ndipo mayina a feteleza akamaitanidwa pabwalo
iwo amakhala kumbuyo, atagwira chipewa,
kumvetsera anthu amene anawaona akubadwa.

"Ikani chala apa, madala."
Kagalasi kanawala kobiriwira, kenaka psuu.
"Pukutani."
Anapukuta pathalauza la kutchalitchi.
"China."
China. China. Zonse khumi.
Makina akuti palibe munthu.

Zaka makumi atatu ndi zisanu akudula nzimbe,
mpini wa chikwanje unadya mizere yonse,
phulusa la minda yowotcha n'kutsirizitsa.
Ndinayang'ana kapu ya tiyi patebulo,
supuni itaima m'kati,
ndinafuna kunena kuti, bwana,
zidindo mukuzifunazo mwamwera kale,
fufuzani pansi pa kapuyo.
Koma wopempha salusa. Ndinameza.

A Kamwendo anatsitsa mawu:
"Muziwadzoza mafuta m'manja usiku uliwonse.
Khasu asagwire, sabata zitatu.
Mwina mizere ibwerera."

Pobwerera bambo sanayankhule mpaka pa Bua.
Titawoloka mlatho anangoseka okha,
akuti, "Boma landipatsa tchuthi, Esinati.
Kampani sinandipatsepo chotere."
Kenaka, maso ali pawindo:
"Pambali pa amako malo alipo.
Kumeneko sanandifunse fomu."

Tsono madzulo ano ndakhala nawo pakhonde,
botolo la mafuta pakati pathu,
chimanga kumunda chikulimbana ndi udzu.
Ndikudzoza chala chimodzichimodzi
monga ankandidzozera zipsera ndili mwana.
Atambasula dzanja pafupi ndi nyali,
alitembenuza, alibweretsa kumaso kwanga.

"Iwe maso ako ndi abwino.
Taona bwinobwino pachala chachikuluchi.
Ndayamba kuoneka?"